Kakitasi ndi zomera zina zosunga madzi: mafunso amene ndimafunsidwa pakhonde

Aliyense wofika pakhomo pano amayamba waima pakhonde, kuyang'ana timiphika tondanda pathabwa, kenako mafunso amayamba. Ena amafunsa mwachidwi, ena mongoseka. Mayi anga aang'ono atabwera kuchokera kumudzi anangogwira kukamwa, amvekere, "Iwe, malo onsewa osadzalapo mpiru bwanji? Mingayi udzadya?" Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera. Mayankho ake ambiri ndinawadziwa zomera zitandifera m'manja.

Kodi kakitasi ndi zomera zosunga madzi n'chinthu chimodzi?

Ayi, ngakhale ogulitsa maluwa m'mphepete mwa msewu amangoti zonse ndi kakitasi. Zomera zosunga madzi ndi gulu lalikulu: chilichonse chimene chimasunga madzi m'masamba, m'thunthu kapena m'mizu kuti chipyole chilala. Alovera ali momwemo, khonje ali momwemo, nkhadze ya kumpanda nayonso. Ngakhale mlambe, mukauganizira bwino, ndi mtsuko waukulu wa madzi woima wokha. Kakitasi ndi banja limodzi chabe m'gulu limeneli.

Kuti mumuzindikire, weramani muone pamene minga yatulukira. Kakitasi ali ndi timadontho tofewa ngati tithonje, tondanda thupi lonse, ndipo minga imatuluka pamenepo ingapo pamodzi. Duwa nalonso limatulukira pomwepo. Abale a nkhadze alibe tithonje timeneti. Ambiri a iwo minga yawo imamera iwiriiwiri ngati nyanga za ng'ombe, ndipo mukawabaya ndi singano pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka.

Kwawo kwa makakitasi ndi ku America, kuyambira ku Canada mpaka ku Patagonia, ndipo mitundu yochuluka ili ku Mexico. Mtundu umodzi wokha, Rhipsalis baccifera, ndi umene ulinso wachilengedwe kuthengo kuno ku Africa, ku Madagascar ndi ku Sri Lanka. Umalendewera m'mitengo ngati zingwe ndipo umabala tizipatso toyera. Ndiye mitengo ija yanthambi zoloza kumwamba ngati zala, imene mumaiona m'mapiri amiyala mukakhala m'basi, si kakitasi ayi. Yambiri mwa iyo ndi Euphorbia ingens, mbale wake wa nkhadze.

Ndikufuna kuyamba. Ndigule chiyani?

Musayambe n'kugula, yambani n'kupempha. Amene amasunga zomerazi amakhala ndi tiana tambiri toti sakudziwa kotiika, ndipo tsamba limodzi lothothoka ndi chomera kale. Zosavuta ndi alovera, Crassula ovata wa masamba onenepa onyezimira amene kwawo ndi ku South Africa ndi ku Mozambique, Echeveria wooneka ngati kabichi wamng'ono, ndi Haworthia wa timizere toyera. Pa makakitasi enieni, Mammillaria ndi Echinopsis amakhululuka zolakwa zambiri.

Chimene ndingakuletseni poyamba ndi Lithops, tija tooneka ngati timiyala tong'ambika pakati. N'tokongola zedi. Katswiri wa zomera wa ku England, William Burchell, anatola kamodzi pafupi ndi Prieska ku South Africa mu 1811 akuyesa ndi mwala. Koma kuthirira kamodzi kokha pa nthawi yolakwika kumakasandutsa phala.

Ndizithirira kangati?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pa zomera zonse zimene zinandifera, zofa ndi ludzu sizikwana zala za dzanja limodzi. Zina zonsezo anazipha ndi madzi.

Chimanga ndi masamba akudimba zimatsegula timabowo ta m'masamba mwake masana, ndipo madzi ambiri amathawira momwemo. N'chifukwa chake zimafota pofika masana. Zambiri mwa zomera zathuzi zimachita mosiyana: masana zimatseka timabowoto, n'kutsegula usiku kukazizira. Mpweya umene zatenga usiku zimausunga, n'kuugwiritsa ntchito dzuwa likatuluka. Motero zimamwa pang'ono kwambiri, ndipo madzi amene inu mwathira amangokhala m'dothimo. Mizu ikakhala m'chinyontho masiku angapo imasowa mpweya n'kuyamba kuwola.

Tsono musawerenge masiku, funsani dothi. Songolani kansungwi, mukazike mpaka pansi pa mphika, mudikire pang'ono n'kukazula. Kakatuluka kozizira, kamatope, siyani. Kakatuluka kouma gwa, thirirani mokwanira mpaka madzi atulukire kubowo la pansi. Kuwazawaza timadzi pamwamba tsiku lililonse n'koipa kuposa kusathirira n'komwe. Mukazolowera mudzangonyamula mphika n'kudziwa ndi kulemera kwake. Pakhonde panga, mu Seputembala ndi Okutobala ndimathirira pafupifupi kamodzi pa sabata. Mu Juni ndi Julayi makakitasi amatha mwezi wathunthu osalawa dontho.

Chomera chaludzu chimachita makwinya, masamba amafota ngati khungu la nkhalamba, ndipo mukachithirira chimadzuka m'masiku ochepa. Chokhuta madzi chimachita chikasu, masamba amaoneka ngati aviikidwa m'madzi otentha, mukawagwira amangothothoka.

Chaka china ndinapita kumaliro n'kukhalako masabata awiri. Ndinangouza mphwanga kuti, "Uziyang'anira maluwawo." Mphwangayo ndi munthu wakudimba, wakhama. Ankanyamula kheni m'mawa ndi madzulo, kuthirira ngati nazale ya fodya. Nditabwera anandilandira monyadira kuti palibe mphika ndi umodzi womwe umene unauma. Ndinakhudza kakitasi wanga wamkulu, chala chinangolowa. Miphika 11 inapita. Sindinamukalipire, poti wolakwa ndinali ine wosafotokoza. Masiku ano ndikamachoka ndimanena chinthu chimodzi: wina asazigwire.

Nanga dzinja? Mvula singaziphe?

Ingaziphe, makamaka ija ya Januwale ndi Febuluwale yogwa masiku angapo osakata. Mvula ya tsiku limodzi dzuwa n'kuwala mawa lake imazisangalatsa, ndipo madzi amvula ndi abwino kuposa a pampopi. Vuto ndi mvula yamvumbi.

Mvula ikamayamba lowetsani miphika pakhonde kapena pansi pa denga lililonse lolowa mphepo. Samalani ndi pamene madzi a m'malata amagwera, chifukwa pamenepo mphika umadzadza ngati ndowa. Ikani miphika pa njerwa kuti bowo lisatsekeke ndi matope, ndipo timbale tija toika pansi pa mphika tichotseni. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje akumbukirenso chiperoni: kuzizira kophatikiza ndi chinyontho ndiye mdani woipitsitsa. Chiperoni chikagwa musathirire ngakhale dothi litauma.

Ngati mukudzala pansi, unjikani mtumbira wa miyala ndi mchenga wofika m'mawondo n'kudzala pamwamba pake. Alovera, khonje ndi mitundu ya aloe yakwathu zimapirira dzinja bwinobwino zikakhala pa mtumbira wotere.

Dothi labwino ndi lotani?

Loti madzi akathiridwa angodutsa. Ine ndimasakaniza magawo awiri a mchenga wa kumtsinje wa miyalamiyala, gawo limodzi la njerwa zootcha zophwanyaphwanya kukula ngati nyemba, ndi gawo limodzi la dothi la pansi pa mtengo kapena manyowa owola mpaka osanunkha. Kwale wamng'onong'ono angalowe m'malo mwa njerwa. Timakala totsala pansi pa thumba nditothandizanso. Mchenga ndi njerwazo muzisefe kaye, fumbi lake mutaye, chifukwa fumbi ndi limene limatseka mipata.

Makande, katondo ndi dothi la pachulu siyirani oumba njerwa. Mchenga wosalala uja amapakira pulasitala nawonso ayi: ukasakanikirana ndi dongo umauma ngati simenti. Mukasakaniza, nyowetsani pang'ono, fumbatani m'dzanja n'kutambasula. Likakhalabe chibulumwa, onjezerani mchenga. Likamwazika lokha, lafika.

Mphika wadothi kapena wapulasitiki?

Wadothi wosapaka utoto ndiye wabwino, poti umapuma n'kuumitsa dothi msanga. Koma chitini cha penti kapena chigubu chodula zimagwiranso ntchito, bola pansi pakhale mabowo. Msomali wootcha pamoto umaboola pulasitiki mosang'amba. Ena amati mphika wopanda bowo ungoikamo miyala pansi. Madziwo akapita kuti? Amangodikira mizu pansipo.

Mphika usakule kwambiri. Kachomera kakang'ono mumphika waukulu kamazingidwa ndi dothi lonyowa limene sikangathe kulimwa. Posamutsa kakitasi waminga, pindani nyuzipepala kangapo ikhale ngati lamba, mumukulunge n'kugwira kunsonga za pepalalo. Mukamaliza musathirire kwa sabata, kuti mizu yoduka ipole.

Amati n'zam'chipululu. Ndiziike padzuwa tsiku lonse?

Zina inde, koma osati mwadzidzidzi. Chomera chimene chakhala pamthunzi mukachiika pa dzuwa la Okutobala chimapsa tsiku lomwelo, ndipo chipseracho sichichoka. Chizoloweretseni: sabata yoyamba dzuwa la m'mawa lokha, kenako muzionjezera. Ku Nsanje, Chikwawa ndi kunyanja, dzuwa la masana m'chilimwe limatenthetsa mphika wakuda mpaka mizu kuphikika, ndiye kumeneko pakhale kamthunzi.

Vuto lofala m'tauni ndi la mbali inayo. Munthu amaika kakitasi pa tebulo la pabalaza pafupi ndi TV, patapita miyezi iwiri mutu wake wasongoka, wayera, ukuloza kuwindo. Akufuna kuwala. Mbali yosongokayo sibwereranso mwakale. M'nyumba mumatha kukhala Haworthia ndi Sansevieria uja wa masamba ngati malupanga, koma nazonso zikhale pawindo. Kumbukirani kuti kuno dzuwa la Juni limadzera chakumpoto, pamene la Disembala limapendekera chakummwera. Khonde loyang'ana kum'mawa ndi limene silivuta chaka chonse.

Masamba akafiira musathamangire kheni. Aloe cameronii, amene amamera m'miyala ya kuno kwathu, amakhala wobiriwira m'dzinja koma m'chilimwe amafiira ngati mkuwa, ndipo anthu akunja amamukondera mtundu umenewo.

Ndingazichulukitse bwanji?

Pali njira zitatu zosavuta: tsamba, kamwana ka m'mbali, ndi nthambi yodula. Lamulo ndi limodzi pa zonsezi: bala liume kaye. Tsamba la Echeveria lipotozeni pang'onopang'ono kuti lichoke lathunthu, muligoneke pa mchenga wouma pamthunzi, osalikwirira. Pakapita masabata angapo mudzaona timizu tofiirira ngati ulusi, kenako kachomera kakang'ono ngati njere ya mapira. Tsamba lakale limafota pamene kamwanako kakuliyamwa. Nthambi ya kakitasi yonenepa ifunika sabata imodzi kapena ziwiri ili pamthunzi isanadzalidwe. Koma alovera sagwira ndi tsamba. Tengani tiana take ta m'munsi.

Njere zimameranso koma zimafuna mtima wautali. Saguaro, kakitasi wamkulu wamikono wa ku chipululu cha Sonora ku Arizona ndi Mexico, amatha zaka 50 kapena kuposerapo asanatulutse mkono woyamba, ndipo amakhala zaka zoposa 150. Wodzala njere yake amadzalira zidzukulu.

Feteleza?

Pang'ono, ndipo pa nyengo yofunda yokha pamene zikukula. Feteleza wamadzi wa maluwa, mumusungunule kanayi kuposa mmene alembera, kawiri kapena katatu pachaka. Yuleya wa m'munda wa chimanga amazinenepetsa mofewa mpaka kung'ambika.

Pali tinthu toyera ngati thonje pakati pa masamba. N'chiyani?

Ndi kodikodi, mbale wake wa uja amavuta chinangwa. Amayamwa madzi a chomera atabisala m'makona. Kulungani kathonje pa kamtengo ka machesi, muviike mu sipiliti ndi kukhudza kachilombo kalikonse. Mubwereze pakatha sabata, chifukwa mazira amatsala. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa chomera, fufuzani bwino: zimaweta kodikodi chifukwa cha timadzi totsekemera timene amatulutsa. Kodikodi wina amakhala kumizu. Chomera chikangoima osakula popanda chifukwa, chizuleni muone ngati m'mbali mwa mphika muli ufa woyera. Ngati ulimo, tsukani mizu, tayani dothi.

Nkhono zimadya usiku m'dzinja, chiswe chimalowera kubowo la mphika wokhala pa dothi. Koma pakhomo pano amene anawononga kwambiri ndi nkhuku, zimene zinapeza kuti mchenga wa mumphika ndi wabwino kusambamo. Chomera chatsopano chilichonse chikhale pachokha masabata awiri musanachiphatikize ndi zinzake.

Ndinagula kakitasi wamutu wofiira, wafa chaka chisanathe. Ndinalakwitsa chiyani?

Mwina palibe. Ameneyo si chomera chimodzi, ndi ziwiri zomezanitsa, monga timachitira ndi mango. Mutu wofiira kapena wachikasuwo ndi Gymnocalycium wopanda ubiriwiri, choncho sangadzipangire chakudya. Amadalira tsinde lobiriwira la m'munsi, limene nthawi zambiri limakhala la mtundu wa kakitasi wobala chipatso chija amati dragon fruit. Awiriwa sakula mofanana, ndipo pakapita zaka zochepa mgwirizano umatha. Pogula yang'ananinso maluwa: ena amakhala ouma, omatidwa ndi guluu. Duwa limene lakhala chimodzimodzi miyezi itatu likayikireni.

Wanga sachita maluwa. Chifukwa chiyani?

Mwina akadali mwana, mwina akusowa dzuwa, koma kawirikawiri n'chifukwa choti simumulola kupuma. Makakitasi ambiri amafuna miyezi yozizira ali ouma kuti akonze maluwa. Mukamawathirira mu Juni ngati mu Okutobala amangonenepa.

Echinopsis ndi amene amandilipira. Kamphukira kaubweya kamatalika masiku angapo, kenako usiku wina duwa loyera lalitali ngati lipenga limatseguka, fungo lake kudzadza khonde lonse. Pofika madzulo a mawa lake lagwa khosi. Ndinadzutsapo ana usiku kuti aone, ndipo mmodzi yekha ndi amene anandikhululukira.

Schlumbergera, amene a ku Ulaya amamutcha kakitasi wa Khirisimasi, musamudikire mu Disembala. Kwawo ndi m'nkhalango za m'mapiri a ku Brazil, kumene amamutcha duwa la Meyi. Amachita maluwa masiku akafupika ndi kuzizira, ndiye kuno muziyembekezera nyengo yachisanu. Ameneyu amamera m'mitengo, amafuna mthunzi ndi madzi ochulukirapo. Stapelia gigantea, amene amapezeka kuthengo m'maiko a kuno kummwera kwa Africa, amatulutsa duwa lalikulu ngati nyenyezi, laubweya, lonunkha nyama yowola kuti aitane ntchentche. Musamuike pafupi ndi khitchini.

Pali zoopsa kwa ana ndi ziweto?

Zilipo. Utomoni wa nkhadze ndi abale ake onse umatentha khungu, ndipo ukalowa m'diso ungawononge kuona. Zikatero tsukani diso ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 kapena 20, kenako thamangani kuchipatala. Musathiremo china chilichonse. Adenium, uja wa thunthu lonenepa ndi maluwa apinki, ali ndi poizoni. Kalanchoe wa ku Madagascar wobala tiana m'mphepete mwa masamba amapha ng'ombe ndi mbuzi zikamudya.

Opuntia, kakitasi wa masamba ophwatalala ngati zikhatho, ali ndi timinga tosaoneka bwino timene timathothoka mukangomukhudza. Matani selotepi pakhungupo n'kumatula, kangapo. Za alovera: madzi achikasu a pansi pa khungu la tsamba amatsegula m'mimba mwamphamvu, ndipo si aloe aliyense amene ali alovera. Wa kuphiri musamumwe poyesa ndi yemweyo.

Kuphiri kwathu kuli aloe wambiri. Ndingakakumbe?

Chonde musatero. Dziko lino lili ndi mitundu yakeyake yokongola: Aloe mawii wa m'matanthwe a Zomba ndi Mulanje, Aloe mzimbana amene dzina lake linachokera ku Mzimba, Aloe buchananii amene sapezeka kwina kulikonse kupatula kuno. M'nyengo yachisanu maluwa ofiira a aloe amayaka pamiyala, timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa tili piringupiringu. Chomera chachikulu chimene mwachizula m'mphindi zisanu chinatenga zaka zambiri kuti chigwire mumng'alu umenewo, ndipo nthawi zambiri chimakafera mumphika. M'nkhalango zotetezedwa ndi m'mapaki kuzula chomera popanda chilolezo ndi mlandu.

Okonda zomerazi tawononga kale zambiri. Kafukufuku wa 2015 wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, anapeza kuti mitundu 31 mwa 100 iliyonse ya makakitasi ili pangozi yotha, ndipo kukumba kuthengo kuti akagulitse ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu. Ku Namaqualand ku South Africa, tizomera ta Conophytum takhala tikubedwa tambirimbiri m'zaka zaposachedwa kuti tikagulitsidwe kunja. Ngati mukufuna aloe wakwathu, pemphani kamwana kwa amene ali naye kale pakhomo, kapena mudzale njere. Wofuna kuphunzira mayina akayende ku munda wa zomera wa National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba. Amene ali ku Zimbabwe akaone Ewanrigg kunja kwa Harare, munda umene anauyambitsa Harold Basil Christian, yemwe dzina lake lili pa Aloe christianii.

Mchimwene wanga ali ku Joni. Anganditengere pobwera?

Osati mongobisa m'chikwama pakati pa mabulangete. Chomera chodutsa malire chimafuna chilolezo cholowetsera kuchokera ku ofesi za zaulimi kuno, ndi chikalata cha kochokerako chotsimikiza kuti chilibe matenda. Dothi ndi limene limabisa tizilombo, n'chifukwa chake malamulo amalimba pamenepo. Palinso pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo pakati pa maiko, limene linasainidwa ku Washington mu 1973 ndipo Malawi ali momwemo. Pafupifupi makakitasi onse, mitundu ya Euphorbia yosunga madzi, ndi aloe yense kupatula alovera zili pa mndandanda wake, ndiye zambiri zimafunanso chikalata china.

Opuntia wakula kwambiri. Ndingadule n'kutaya kudzala?

Mukatero mwadzala munda. Tsamba lililonse logwa pansi limagwira mizu. Ku Australia chomerachi chinapita ngati cha m'munda ndi cha mpanda, koma pofika 1925 chinali chitaphimba mahekitala pafupifupi 24 miliyoni ku Queensland ndi New South Wales, malo aakulu kuwirikiza kawiri Malawi. Alimi anathawa minda yawo. Chinagonja atabweretsa gulugufe wa usiku wa ku Argentina, Cactoblastis cactorum, amene mbozi zake zimadya chomeracho kuchokera m'kati. Ku South Africa ndi ku Laikipia ku Kenya akulimbana nachobe. Zodulazo muziumitse pa lata mpaka ziume gwa n'kuziotcha, kapena muzikwirire m'dzenje lakuya. Chimodzimodzi tiana ta Kalanchoe.

Kakitasi wanga wafewa m'munsi ndipo akununkha. Angapulumuke?

Ngati mutu udakali wolimba, mwayi ulipo, koma muchite lero lomwe. Pukutani mpeni wakuthwa ndi sipiliti, mudule pamwamba pa powolapo. Yang'anani podulapo. Mukaona kadontho kofiirira kapena kakuda, makamaka pakati, pukutaninso mpeni n'kudula kagawo kena pamwamba pake. Pitirizani choncho ngati mukudula nkhaka, mpaka mnofu uoneke woyera mbee kapena wobiriwira paliponse. Kadontho kamodzi kotsala n'kokwanira kuwoletsa chonsecho.

Pakani makala osinja pabalapo, muimike mutuwo pamthunzi polowa mphepo kwa masabata awiri kapena atatu, mpaka bala liume ngati chikopa. Kenako mukhazikeni pa dothi latsopano louma, osamuzika kwambiri, n'kumuchirikiza ndi timiyala kuti asagwe. Madzi ayi mpaka mizu ituluke. Mudzadziwa mukamugwedeza pang'ono iye n'kukana. Zimatenga mwezi, nthawi zina iwiri. Dothi lakale mutaye kutali ndi miphika ina, ndipo mphikawo muutsuke ndi madzi otentha musanaikemo china. Ngati kuwolako kwafika kumutu, thyolani tiana tolimba timene tatsala m'mbali, tiumitseni padera, chotsalacho muotche.